Funsani za Kompyuta: pulogalamu yaulere yakana kuyenda, eni ake ali chete

Mameseji ambiri amene mwatumiza ulendo uno akuzungulira pa nkhani imodzi, mapulogalamu aulere aja a open source, amene code yake ili poyera kuti aliyense aione ndi kuisintha. Ena akukana kulowa mu kompyuta, ena ali ndi vuto koma okonza sakuoneka. Ndasankhapo anayi, ndawafupikitsa pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Achimwene, ine ndimagwira ntchito pa kasukulu kena kuno ku Zomba, ndimasunga marekodi a ana. Kompyuta yathu ndi ya Linux, anatiikira mnyamata wina amene pano anasamuka. Inandifunsa kuti ndipange upgrade nde ndinangovomera, pano ili pa Ubuntu 22.04 koma kapulogalamu kamene timalembera marekodi kasiya kutseguka. Ndikayesa kukaikanso kompyuta ikulemba kuti depends libssl1.1 but it is not installable. Mphunzitsi mnzanga akuti ndingosaka fayiloyo pa intaneti ndiike basi. Ndipange zimenezo? Ndikuopa kutaya zinthu za ana. Ndine Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, musanakhudze china chilichonse koperani kaye marekodi a anawo pa flash, ngati muli ndi ma flash awiri koperani pa onse. Uthenga umenewo sukutanthauza kuti zinthu zanu zafufutika ayi, zilimo, chasowa ndi kachidutswa kena kamene pulogalamuyo imadalira kuti iyende.

Palibe wolemba pulogalamu amene amalemba zonse yekha, monga mmene wophika mandasi sagaya yekha tirigu kapena kuyenga mafuta, amatenga kwa ena. Zidutswa zotenga kwa enazo nde ma dependency. libssl imene ikutchulidwayo ndi ya gulu la OpenSSL, ntchito yake ndi kubisa uthenga kompyuta ikamalankhula ndi server kuti munthu wina panjira asaone mapasiwedi anu. Ubuntu 22.04 itatuluka mu Epulo 2022 inabwera ndi OpenSSL 3.0, libssl1.1 yakale ija munalibemo. Nde pulogalamu iliyonse imene inamangidwa kuti izifuna yakaleyo ikufunika munthu akhale pansi aimangenso pa yatsopano, ndipo ngati kapulogalamu kanu kanalembedwa ndi munthu mmodzi amene amachita zimenezi usiku akaweruka kuntchito, mwina sanapeze nthawi, mwina anakasiya kalekale osalengeza.

Zimene akunena aphunzitsi anzanuwo anthu ambiri amapangadi, ndipo nthawi zambiri pulogalamu imatseguka. Koma mudziwe chimene mukuika. A OpenSSL anasiya kukonza version 1.1.1 kwaulere pa 11 Sepitembala 2023, ndipo fayilo imene mwaika pamanja kompyuta siiziyipangira update, ikhala momwemo ndi mabowo ake onse amene angapezeke mtsogolo. Komanso fayilo yotola pa webusaiti iliyonse simudziwa kuti anaikamo chani. Ngati kompyutayo simuilumikiza pa intaneti, ingokhala mu ofesi yolembera basi, chiopsezo ndi chochepa ndipo sindingakuletseni mukaitenga pa malo enieni a Ubuntu. Koma ngati ndi yomweyo mumatsegulira imelo ndi za banki ya sukulu, ine ndikanayamba ndi njira zina.

Pitani pa tsamba la pulogalamuyo muone ngati anatulutsa version yatsopano, kawirikawiri anthu amakhala akuika fayilo yakale imene ili mu kompyuta chonsecho yatsopano ilipo. Muonenso ngati ikupezeka ya Flatpak kapena Snap, chifukwa izi zimabwera zitanyamula zidutswa zake zomwe, kuipa kwake zimadya bando kwambiri nde mupange pamalo pamene pali wifi. Lembaninso sudo apt update musanaike chilichonse, ndipo muonetsetse kuti gawo lotchedwa universe ndi lotsegula, mapulogalamu ambiri osamalidwa ndi mavolontiya amakhala mmenemo. Chinthu china chimene ndikupempheni, kompyuta ikafunsa kuti Y kapena n werengani kaye zimene yalemba pamwamba. Nthawi zina pofuna kukonza dependency imodzi imafuna kuchotsa mapulogalamu ena ambirimbiri, mukaona mndandanda wautali wa zochotsa lembani n.

Ikatseguka, tulutsani marekodiwo muwasunge ngati CSV, kuti tsiku lina kapulogalamuko kakadzafa zenizeni muzitha kuwatsegula ndi LibreOffice kapena Excel.

FUNSO: Akulu, ndili chaka chomaliza ku koleji, tikupanga pulojekiti ya webusaiti ndi anzanga awiri. Pa laputopu yanga zonse zikuyenda bho koma mnzanga akatenga code yomweyo nkupanga npm install zikutuluka zofiira zokhazokha. Wina uja mbali yake ndi ya Python, pip install ikumukana ikuti externally-managed-environment. Sitinasinthe kanthu. Komanso ndinamva kuti munthu mmodzi akhoza kufufuta package yake nkugwetsa mawebusaiti ambiri, ndi zoona kapena ndi nkhambakamwa? Wophunzira, Mzuzu.

YANKHO: Ndi zoona mphwanga, zinachitika pa 22 Malichi 2016. Wolemba mapulogalamu wina dzina lake Azer Koçulu anali ndi package yotchedwa kik pa npm, malo amene olemba JavaScript amaika ndi kutenga zidutswa za code, nde kampani ya Kik ya ku Canada inafuna dzinalo, a npm anapereka dzinalo kwa kampaniyo. Iye zitamukwiyitsa anachotsa ma package ake onse, opitirira 250. Pakati pawo panali kena kotchedwa left-pad, ka mizere 11 basi, ntchito yake kungowonjezera mipata kapena ma zero kumanzere kwa mawu. Koma zida zikuluzikulu monga Babel zinkakadalira, zina mwachindunji zina kudzera mu package ina imene inkadaliranso ina, moti anthu masauzande amene sanamvepo dzina la left-pad anangoona kuti npm install yayamba kulephera. A npm anakabwezeretsa patadutsa maola ochepa ndipo anasintha malamulo kuti package imene ena akuidalira isamachotsedwe wamba. Nde zenizenizo nzovuta kuti zibwereze, koma kudalirana kuja sikunathe, tsegula foda ya node_modules uone kuchuluka kwa zinthu zimene sunaziitane iwe.

Vuto lanu koma silimenelo, ndikukayikira ma version. Iwe unapanga install miyezi yapitayo, mnzako akupanga lero, pakatipa zidutswa zina zasintha. Funsanani kaye kuti node -v ikupereka nambala yanji kwa aliyense, mukhale pa imodzi. Kenako uone ngati fayilo ya package-lock.json unaiika mu Git mmene mumasungira code yanu limodzi, ophunzira ambiri amaisiya poganiza kuti ndi zinyalala, chonsecho ndi imene imalemba version yeniyeni ya chidutswa chilichonse. Ikakhalamo mnzakoyo alembe npm ci m'malo mwa npm install, atenga ndendende zimene uli nazo iwe.

Wa Python uja palibe chimene waononga. Kuyambira pa Debian 12 ndi Ubuntu 23.04 anatseka dala kuti pip isamaike zinthu mu Python imene kompyutayo imayendera, chifukwa anthu ankaphwanya nazo makompyuta awo. Alembe python3 -m venv ndi dzina la foda kuti apange malo a pulojekiti yake yokha, aike zonse mmenemo, akamaliza pip freeze ilembe ma version mu requirements.txt. Aona anthu pa intaneti akunena za break-system-packages, asatsatire. Ndipo ngati akukopera code mu tutorial yakale aone kuti si ya Python 2, imeneyo inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020 ndipo mu Debian 12 mulibe.

Masiku oyandikira defence musapange update chilichonse, ndipo musunge kope ya foda yonse imene ikuyenda pa flash, netiweki ikadzavuta tsiku limenelo simudzadalira kupanga download.

FUNSO: Ine zandikwana. Pakampani pathu timagwiritsa ntchito library ina yaulere, code yolembedwa kale ndi munthu wina, potulutsa ma invoice, ili ndi bug imene ikusokoneza madeti. Ndinalemba lipoti miyezi yambiri yapitayo, ndakhala ndikubwerera kukafunsa kuti mukonza liti, zii. Anthu enanso alemba pansi pake kuti nafenso. Abwana akundipanikiza ine tsiku ndi tsiku. Munthu ungatulutse chinthu anthu nkuyamba kuchidalira kenako nkungokhala chete? Kumeneko si kupanda udindo? Ndikufuna ndiwalembere mawu owawa mwina adzuka, kapena ngati atopa apereke kwa ena. Bambo wa ku Limbe.

YANKHO: Bambo, kupanikizika kwanu ndikukumva, kukhala pakati pa abwana ndi chinthu chimene simungachikonze nokha ndi zowawa. Koma meseji yowawayo chonde musatumize, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa chake poti nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri.

Tsegulani fayilo ya LICENSE ya library imeneyo. Ngati ndi ya MIT kapena ina yofanana nayo mupeza mawu a zilembo zazikulu akuti AS IS, kuti mwaitenga mmene iliri popanda lonjezo lililonse. Kampani yanu sinalipire, palibe kontilakiti, ndipo munthu amene mukumuganizira kuti ali mu ofesi ndi gulu la antchito nthawi zambiri amakhala mmodzi, ali ndi ntchito ina imene imamudyetsa, ali ndi ana, mwina akudwala.

Izi sizichitika ku tinthu ting'onoting'ono tokha. Mu Epulo 2014 kunadziwika bowo la Heartbleed mu OpenSSL, linali litakhalamo pafupifupi zaka 2, ndipo linakhudza ma server pafupifupi 500,000. Anthu atayamba kufufuza anapeza kuti chinthu chimene chinkateteza mabanki ndi makampani akuluakulu a dziko lonse chinkalandira zopereka za madola pafupifupi 2,000 pachaka, ndipo munthu wogwirapo ntchito tsiku lonse anali mmodzi. Mu Disembala 2021 kunabwera Log4Shell mu library ya Java yotchedwa Log4j, bowo limene linalipo kuyambira 2013, nde kagulu ka mavolontiya a Apache kanagwira usana ndi usiku kutulutsa 2.15.0, kenako 2.16.0, kenako 2.17.0 mwezi womwewo, uku anthu akuwanyoza pa intaneti. Mwezi wotsatira Daniel Stenberg wa ku Sweden, amene amasamalira curl, kachida kotumizira ndi kulandira data pa intaneti, analandira imelo kuchokera ku kampani ina yaikulu yomulamula kuti ayankhe mafunso a Log4j pasanathe maola 24, chonsecho curl siigwiritsa ntchito Log4j nkomwe ndipo kampaniyo inalibe mgwirizano uliwonse ndi iye.

Koma imene ndikufuna muiganizire kwambiri ndi ya xz, chifukwa mawu anu omaliza aja, akuti ngati atopa apereke kwa ena, ndi amene anagwiritsidwa ntchito kumeneko. xz Utils ndi kachida kopanikiza mafayilo kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri ankakasamalira Lasse Collin wa ku Finland. Cha mu 2021 kunabwera wina wodzitcha Jia Tan nkuyamba kuthandiza, ntchito yake yooneka bwinobwino. Mu 2022 ma akaunti ena anayamba kumupanikiza Collin, kudandaula kuti zinthu zikuchedwa, kuti pakufunika wosamalira wina. Collin anayankha poyera kuti thanzi lake la maganizo lakhala likumuvuta kwa nthawi yaitali komanso kuti iyi ndi ntchito yongodzipereka yosalipidwa, koma kupanikizako sikunaleke, mapeto ake Jia Tan anapatsidwa mphamvu zotulutsa ma version. Mu Febuluwale ndi Malichi 2024 anatulutsa 5.6.0 ndi 5.6.1 zili ndi khomo lobisika lolowera mu ma server kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta uli kutali. Anazitulukira ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira za PostgreSQL, atadabwa kuti kulowa pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo analengeza pa 29 Malichi 2024. Zinali zitafika kale mu ma version oyesera a Debian ndi Fedora, kungotsala pang'ono kuti zilowe mu amene aliyense amagwiritsa ntchito. Ambiri amene anafufuza nkhaniyi amakhulupirira kuti ma akaunti odandaula aja anali mbali ya chiwembucho. Sindikunena kuti inu muli ndi cholinga choipa ayi, koma munthu wotopa akamakalipiridwa amasiya kapena amapereka makiyi kwa amene wayandikira, ndipo zonse ziwirizi sizikukonzerani madeti anu.

Nde mupange chani. Bwererani ku lipoti lanu muliwerenge ngati munthu amene sakudziwa kampani yanu. Munalemba version ya library? Ya chilankhulo chimene mukugwiritsa ntchito? Munaika ka code kakafupi, mizere yochepa, koti iye angokopera nkuona vutolo pa kompyuta yake? Malipoti ambiri amene amagona ndi aja ongoti sizikuyenda konzani, chifukwa wokonzayo amayenera kuyamba kulosera. Pa nkhani ya madeti musaiwale kutchula time zone yanu ndi mmene mumalembera deti, ife kuno timayamba ndi tsiku pamene ku America amayamba ndi mwezi, ndipo zikhoza kutheka kuti kwa iye vutolo silioneka nkomwe. Aja akulemba kuti nafenso sakuthandiza, aliyense akungomutumizira imelo ina.

Kenako muone ngati pulojekitiyo ili moyo. Commit yomaliza, kutanthauza kusintha komaliza kwa code, ndi ya liti, ma pull request, zokonza zimene anthu ena amatumiza, akulandiridwa? Ngati padutsa zaka popanda kanthu ndiye kuti inasiyidwa, yang'anani ngati pali ena amene anapanga fork, kope yawoyawo ya code, nkumaisamalira, kapena muyambe kukonzekera kusamukira ku library ina. Ngati ili moyo, njira yachangu kuposa zonse ndi kukonza nokha. Code ili poyera, laisensi ikukulolani, pangani fork, konzani madetiwo, kampani iziyendera kope yanu pamene mukudikira, nkutumiza pull request yokhala ndi test. Ngati inu simungathe, alipo anyamata ndi atsikana mu Blantyre momwemo amene angachite zimenezi mukawalipira.

Ndipo abwana anuwo muwauze zoona zake, kuti ma invoice a kampani akudalira ntchito ya munthu amene sitinamupatsepo ngakhale tambala. Osamalira ambiri ali ndi GitHub Sponsors kapena Open Collective polandirira zopereka, ena amalandira ntchito yolipidwa mukawalembera mwaulemu kuti tikufuna mutikonzere ichi, mtengo wake ndi wotani. Ndikudziwa kuti nkhani ya forex ndi yovuta kwathu kuno, koma kufunsa mtengo sikulipiritsa, ndipo kuchedwa kwa ma invoice nakonso kukudya ndalama za kampani.

FUNSO: Ndiye si bwino kungosiya zaulerezi nkumagula mapulogalamu a makampani, kuti zikavuta tizidziwa wokamugwira? Wowerenga wa ku Kasungu.

YANKHO: Nthawi zina ndi bwinodi achimwene, ngati chinthucho ndi chimene bizinesi yanu yatsamirapo ndipo mulibe munthu wodziwa code, kulipira kuti mukhale ndi wokamuimbira foni ndi nzeru. Kungoti musaganize kuti mwathawa open source, mkati mwa zogulazo muli zidutswa zomwezi. Log4Shell ija inakhudza Minecraft, Steam ndi iCloud ya Apple, zonsezo ndi za makampani a ndalama. Foni yanu ya Android ikuyendera Linux pansi pake. Komanso si open source iliyonse imene ili m'manja mwa munthu mmodzi wotopa, DHIS2 imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala ndi yaulere koma ili ndi University of Oslo kumbuyo kwake ndi anthu olembedwa ntchito. Palinso makampani monga Red Hat ndi Canonical amene amagulitsa chithandizo cha Linux yomweyo.

Mukamagula, funsani wogulitsayo akupatseni mndandanda wa zidutswa za open source zimene zili mkati, afotokoze kuti bowo likapezeka mu chimodzi mwa izo amatenga nthawi yaitali bwanji kutulutsa update, komanso kuti version imene mukugulayo adzaisamalira mpaka chaka chanji. Zimenezi zilembedwe mu kontilakiti, pamodzi ndi njira yotulutsira data yanu mukadzafuna kuchoka.